Kujambula Zithunzi M'bandakucha pa Msewu Wochokera ku Phwezi Kutsikira ku Nyanja

Munthu amene wagona pa Phwezi, m'boma la Rumphi, nadzuka tambala wachiwiri asanalire, amapeza dziko lili zii, kupatula mkokomo wa magalimoto akuluakulu amene amadutsa pa msewu wa M1, ena akuchokera ku malire a Songwe, ena akulowera komweko. Nyanja sioneka pa Phwezi. Malowa ali m'chigwa cha Henga, pakati pa mapiri a Nyika kumadzulo ndi mapiri otsiriza a Viphya kum'mawa, ndipo madzi amene alipo ndi a mtsinje wa South Rukuru. Koma wotsata msewuwu kulowera kumpoto, lisanathe ola limodzi pa galimoto, amafika pamwamba pa mtsetse wa Chiweta, pamene dziko limatseguka mwadzidzidzi, Nyanja ya Malawi n'kuyalika pansi pake mpaka ku mapiri a ku Tanzania.

Apaulendo ambiri afikapo pamenepa dzuwa lili paliwombo, natulutsa foni pa zenera la minibasi kuti atenge kukongola kumeneku apite nako kwawo. Pofika kunyumba apeza kuti chithunzi chija ndi chotuwa, nyanja ndi thambo zasanduka chinthu chimodzi, ndipo mapiri a kutsidya sakuoneka n'komwe. Ena amadandaula kuti foni yawo ndi yotsika mtengo. Kawirikawiri vuto limakhala nthawi imene anajambulira. Nkhani ino ikufotokoza chifukwa chimene ojambula malo amadzukira usiku, zimene amayang'ana akafika, ndiponso phindu limene ntchito imeneyi ili nalo kwa eni dera lino.

Chifukwa chake kuwala kwa m'mawa n'kosiyana

Chimene kamera imasunga ndi kuwala kumene kwagunda phiri kapena madzi n'kubwerera m'diso lake. Tsono kuwalako kukasintha, chithunzi nachonso chimasintha, ngakhale phirilo lili lomwe lija. Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera, koma ndi msanganizo wa mitundu yonse imene imaoneka mu utawaleza. Mu 1871 katswiri wa sayansi wa ku Britain, John William Strutt, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina loti Lord Rayleigh, anafotokoza kuti mpweya umene wakuta dziko lapansi umamwaza kwambiri kuwala kwa buluu kusiyana ndi kofiira. N'chifukwa chake thambo limaoneka la buluu masana. Dzuwa likakhala paliwombo, kuwala kwake kumatsika chindunji, nkudutsa mpweya wochepa. Likakhala kuti langotuluka kumene, kuwalako kumabwera chopingasa, ndipo kumadutsa mpweya wochuluka koposa ka 30. Pa ulendo wautali woterewu buluu wambiri amatayika m'njira, ndipo chofika pa phiri ndi kuwala kofiira ndi kwachikasu, kofewa, kosathobwa m'maso.

Chachiwiri ndi mithunzi. Masana mthunzi wa mtengo umabisala pansi pa mtengo womwewo, ndipo phiri limaoneka lathyathyathya ngati khoma. M'mawa kuwala kumabwera cham'mbali, nkulowa m'zigwa ndi m'makwawa, kotero kuti mbali imodzi ya chitunda imawala pamene inayo ili mu mdima. Masamu ake ndi osavuta: dzuwa likakwera madigiri 5 okha, mthunzi wa mtengo umatalika ka 11 kuposa mtengowo, likafika madigiri 15, mthunzi watsika kale kufika pafupifupi ka 4. Mithunzi imeneyi ndiyo imauza diso kuti apa ndi pokwera, apa ndi potsika, ichi chili pafupi, icho chili kutali. Popanda mithunzi chithunzi cha malo chimasowa msinkhu ndi kuya.

Chachitatu ndi mpweya weniweniwo. Usiku nthaka imazizira ndipo fumbi limakhazikika. Dzuwa likatentha, nthaka imayamba kutulutsa mpweya wofunda umene umanjenjemeretsa zinthu za kutali, monga amaonera aliyense woyang'ana msewu wa tala masana a mu Okutobala. Nayonso nyanja imatulutsa nthunzi imene imaphimba mapiri a kutsidya. M'bandakucha zonsezi zimakhala zisanayambe.

Nthawi yake ndi yochepa

Anthu a m'maiko ozizira ali ndi mwayi umene wojambula wa ku Malawi alibe. Kumeneko dzuwa limatuluka chopendekera, nkumakwawa m'munsi mwa thambo nthawi yaitali. Ku Aberdeen, ku Scotland, kwawo kwa Dr Robert Laws amene anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia, kuyera kwa m'bandakucha m'mwezi wa Juni kumatha pafupifupi ola lathunthu dzuwa lisanaoneke. Koma Phwezi ndi Chiweta zili pa madigiri 11 okha kummwera kwa mzere wogawa dziko pakati, ndipo kuno dzuwa limatuluka choongoka, nkumakwera madigiri pafupifupi 15 pa ola. Kuchokera pamene kwayera moti munthu n'kuona njira, kufika pamene dzuwa latulukira, pamapita mphindi zongopitirira 20. Kuwala kofiira kuja kumakhalapo kwa theka la ola kapena kupitirirako pang'ono, basi kwatha.

Choncho wojambula ayenera kudziwa nthawi. M'dera limeneli dzuwa limatuluka cha m'ma 5:10 kumapeto kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Disembala, ndipo cha m'ma 6 koloko mu Juni ndi Julayi. Mapiri a kutsidya kwa nyanja amalibisa kwa mphindi zingapo zoonjezera. Wofuna kujambula bwino afike pa malo ake nthanda ikadali kuwala, patatsala mphindi 40 kuti dzuwa lituluke, pakuti mitambo imayamba kupsa dzuwalo lisanaoneke, ndipo nthawi zambiri chithunzi chopambana chimapezeka pamenepo.

Ayeneranso kudziwa kuti dzuwa silitulukira pamalo amodzi chaka chonse. Mu Malichi ndi mu Seputembala limatulukira kum'mawa kwenikweni. Mu Juni limasunthira chakumpoto ndi madigiri oposa 23, ndipo mu Disembala limasunthira chakummwera ndi muyeso womwewo. Munthu amene anaona dzuwa likutulukira kuseri kwa mtengo wina mu Disembala, akabweranso pa mtengo womwewo mu Juni adzalipeza litatulukira kwina. Alimi akale ankadziwa zimenezi bwino lomwe, pakuti ankayang'ana phiri limene dzuwa latulukirapo kuti azindikire nyengo. Nzeru yomweyo ndiyo ikufunika kwa wonyamula kamera.

Nyengo za chaka ndi zimene zimabweretsa

M'miyezi ya dzinja, makamaka kuyambira Januwale mpaka Epulo, mvula imatsuka mpweya. M'mawa wotsatira mvula ya usiku, mapiri a ku Tanzania amaoneka ngati ali pafupi, ndi zigwa zake zonse, ndipo mitambo ikuluikulu imaunjikana pamwamba pa nyanja. Imeneyi ndiyo nyengo yojambula za kutali. Koma walira mvula walira matope: m'nyengo yomweyi miyala ndi dothi zimagumuka pa mtsetse wa Chiweta, ndipo woyenda usiku ayenera kusamala kwambiri.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumazizira. Mpweya wozizira umatsika m'mapiri usiku nkudzaza m'zigwa, ndipo m'mawa wina chigwa cha Henga chimapezeka chitafunda chifunga, nsonga za mitengo ndi za zitunda zokha zikuonekera pamwamba. Apa munthu wa pa Phwezi safunika kupita kutali. Kukwera chitunda chili pafupi ndi kwawo n'kokwanira. Ku nyanja iyi ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kummwera imene imautsa mafunde aakulu, ndipo kuwala kwa m'mawa kukadutsa m'thovu la mafundewo kumapereka chithunzi chimene sichipezeka m'miyezi ina.

Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimadzaza mlengalenga. Mapiri a kutsidya amazimirira kwa masabata ambiri, ndipo dzuwa limatuluka lofiira psuu, lozungulira bwino ngati lichero. Za kutali sizijambulika, koma nkhalango ya miombo ya pa mtsetse imaphuka masamba atsopano ofiira ndi ofiirira mvula isanabwere, ndipo wojambula amatembenukira ku zinthu zapafupi.

Palinso chodabwitsa china chimene chimaoneka kawirikawiri kumpoto kwa nyanjayi. Mlendo amaona ngati utsi wakuda ukukwera kuchokera pakati pa madzi, nkuganiza kuti sitima ikupsa. Zimenezi ndi nkhungu, tizilombo touluka tating'onoting'ono timene mphutsi zake zimakulira m'madzi akuya, ndipo timatuluka tonse pamodzi tosawerengeka, makamaka mwezi ukakhala mu mdima. Anthu a m'mbali mwa nyanja amatikola ndi kutiumba nkukhala ndiwo, ndipo David Livingstone analemba za chakudya chimenechi atayenda pa nyanjayi mu 1861. Mitambo ya nkhungu imaoneka bwino kwambiri pamene kuwala kwa m'mawa kuli kuseri kwake.

Kuchokera pa Phwezi kufika pa Chiweta

Msewu ukachoka pa Phwezi umatsata chigwa cha South Rukuru. Kenaka mtsinjewo umapatuka kukathira m'nyanja cha ku Mlowe, pamene msewu umakwera m'mapiri, kudutsa dera la mgodi wa malasha wa Mchenga, nuyamba kutsika mokhotakhota. Kutsika kumeneku kuli ndi mbiri yake. Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chachikulu chimene chinapangika pamene nthaka inang'ambika, mbali ina nkutitimira, ina nkutsala m'mwamba. Madzi ake ali pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja ya mchere, koma malo ake akuya koposa, amene ali chigawo cha kumpoto chomwechi, amapitirira mamita 700. Akasupe a madzi otentha a pa Chiweta ndi umboni wakuti pansi pa nthaka imeneyi sipanazizire, monganso zinasonyezera zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009. Wojambula woima pa mtsetsewu waima m'mphepete mwa mng'alu umenewo.

Cholakwa cha ambiri akafika apa ndicho kuloza kamera ku dzuwa kokha. Kum'mawa kulidi kokongola, koma nthawi yomweyo kumbuyo kwawo kukuchitika zazikulu. Phiri la Chombe, limene mapu akale analitcha Mount Waller, laima kumadzulo kwa msewu ndi mutu wake wathyathyathya ndi matanthwe ake oongoka. Popeza ndi lalitali, dzuwa limayamba kugunda nsonga yake pansi ponse pakadali mdima, ndipo kuwalako kumatsika pang'onopang'ono m'matanthwemo. Wojambula wozindikira amayang'ana kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, ndipo kawirikawiri chithunzi chabwino amachipeza ataika dzuwa kudzanja lake lamanja kapena lamanzere.

Msewu weniweniwo ndi wothandiza m'chithunzi. Mzere wake wokhotakhota umatenga diso la woonera kuchokera m'munsi mwa chithunzi nkulitsogolera mpaka ku madzi. Galimoto imodzi, kapena munthu wokankha njinga, zimasonyeza kukula kwa phiri. Komabe msewu umenewu ndi woopsa. Magalimoto onyamula mafuta ndi katundu wolemera amatsika movutikira, ndipo ngozi zachitikapo zambiri. Munthu asaimike galimoto pokhota, asaime pakati pa msewu, ndipo avale chovala chooneka patali. Anyani a pa mtsetsewu anazolowera kulandira zakudya kwa apaulendo, motero chikwama chosiyidwa pa mwala chingathe kulowa m'tchire. Ndi bwinonso kuyenda awiri, wina akujambula, wina akuyang'ana msewu.

M'mphepete mwa madzi

Pa Chiweta msewu umafika ku gombe nuyamba kutsata nyanja kulowera ku Chitimba, Chilumba ndi Karonga, phiri kumanzere, madzi kumanja. Wofika kuno kukadali mdima, m'masiku amene mwezi suwala, amaona mzere wa nyali pakati pa nyanja ngati mudzi woyandama. Amenewo ndi asodzi a usipa, amene amakopa nsomba ndi kuwala, kale ndi nyali za parafini, tsopano ambiri ndi mababu a batire. Kukamacha nyali zija zimazima imodziimodzi, ndipo mabwato amayamba kubwerera ku doko, kumene amayi ndi ogula nsomba akudikira ndi mabeseni.

Iyi ndi nthawi imene kuloza kamera kum'mawa kumapindula. Bwato ndi opalasa ake amaoneka akuda bii pa madzi onyezimira, nkhope zosaoneka, koma maonekedwe a thupi ndi a nkhafi ali omveka bwino. Chithunzi chotere chimafuna kudekha, pakuti mabwato awiri akaphatikizana amangooneka ngati chinthu chimodzi chosadziwika mutu wake. Wojambula amadikira mpaka bwato limodzi litapatukana ndi anzake nkulowa pamene pali kuwala. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa Chitimba pali njira yokwera ku Livingstonia, imene anthu amaitcha Gorodi. Ndi msewu wa makilomita pafupifupi 15 wokhala ndi makona akuthwa 20, umene unatsegulidwa m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Mishoni inayambira ku Cape Maclear mu 1875, nisamukira ku Bandawe mu 1881, koma malungo anapitiriza kuvutitsa, ndipo mu 1894 Dr Laws anasankha phiri la Khondowe, limene lili mamita pafupifupi 900 pamwamba pa nyanja. Kona iliyonse ya Gorodi imaonetsa gombe mwa mtundu wake. Wofuna kujambula kuchokera pamwamba achita bwino kukwera madzulo nkugona komweko, chifukwa msewuwu si woyendamo mu mdima. M'mawa angathe kuona gombe lonse la Chitimba lili m'munsi mwake, komanso mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita oposa 100.

Pa chilumba cha Likoma

Gombe lonse la kumpoto kwa Malawi layang'ana kum'mawa, kotero kuti dzuwa limatulukira pa madzi ndi kulowera kuseri kwa mapiri. Wofuna kuona zonse ziwiri, kutuluka ndi kulowa kwa dzuwa pa madzi, ayenera kuwoloka kupita pa chilumba. Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanjayi mu 1951, kwa zaka zambiri yakhala ikulumikiza madoko a kumpoto ndi zilumba za Chizumulu ndi Likoma. Likoma ndi boma la dziko la Malawi ngakhale lazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique, ndipo gombe la Mozambique lili pa mtunda wa makilomita owerengeka chabe.

Popeza mapiri a kutsidyako ali pafupi, dzuwa limachedwa kuonekera, ndipo kwa kanthawi madzi a pakati amakhala mu mthunzi pamene thambo lawala kale. Misewu yambiri ya pa chilumbachi ndi yafumbi, magalimoto ndi ochepa, motero wojambula amayenda pansi mosadera nkhawa. Milambe ikuluikulu ndi miyala yozungulira ya m'mbali mwa madzi zimamupatsa zoika patsogolo pa chithunzi. Palinso tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903, ndipo makoma ake amaoneka bwino dzuwa likadali m'munsi. Ubwino wa chilumba ndi wakuti munthu amasankha yekha mbali ya kuwala: akayenda pang'ono, dzuwa limene linali kumaso kwake limakhala kumbuyo.

Kagwiridwe ka kamera

Malangizo otsatirawa ndi ofanana, kaya munthu ali ndi kamera yaikulu kaya foni ya m'manja. Choyamba, madzi a nyanja sapendekeka. Mzere umene nyanja yakumana ndi thambo uyenera kugona mowongoka, ndipo mafoni ambiri ali ndi timizere tothandiza pa zimenezi. Mzerewo usadule chithunzi pakati penipeni. Ngati kukongola kuli m'mitambo, thambo litenge magawo awiri mwa atatu. Ngati kuli pa gombe, gombelo ndilo litenge gawo lalikulu.

Chachiwiri, pakhale chinthu chapafupi. Nyanja yokhayokha ndi thambo zimakoma m'maso chifukwa munthu amamvanso mphepo ndi phokoso la mafunde, koma pa chithunzi zimaoneka zopanda kanthu. Bwato lokokeredwa pa mchenga, thandala loyanikapo usipa, nthambi ya mtengo kapena mwala zimapatsa diso poyambira. Nthawi zina kungogwada pansi kumasintha chithunzi chonse.

Chachitatu, diso la kamera silingathe kuona bwino malo owala kwambiri ndi a mdima nthawi imodzi monga limachitira diso la munthu. Wojambula ayenera kusankha. Pa foni, akagunda ndi chala pamene pali thambo lowala, foniyo imachepetsa kuwala, mitundu ya mitambo nkuoneka, ngakhale za pansi zidzada. Ndi bwino chithunzi cha m'bandakucha chiderepo pang'ono kusiyana ndi kuti thambo liyere mbee, pakuti pamene payera kotero sipabwezeka.

Chachinayi, kukakhala mdima kamera imatsegula diso lake nthawi yotalikirapo kuti itole kuwala kokwanira, ndipo dzanja likagwedezeka pang'ono chithunzi chimasokonezeka. Amene ali ndi choimikira cha miyendo itatu achigwiritse ntchito. Amene alibe atsamiritse kamera pa mwala, pa chitsa kapena pa thumba la mchenga, natchere kuti ijambule yokha patapita masekondi angapo. Galasi la kamera lipukutidwe ndi kansalu kofewa, chifukwa mame ndi mafuta a zala zimachititsa khungu. Kukokera zinthu za kutali pa foni kawirikawiri kumaononga chithunzi. Kuyandikira ndi miyendo n'kopambana. Pomaliza, munthu asayang'anitsitse dzuwa, makamaka kudzera m'galasi lokuza zinthu, pakuti maso amapsa mosamva kuwawa.

Ulemu kwa eni malo

Gombe limene mlendo akuliona ngati malo okongola, kwa eni ake ndi khomo. M'mawa ndi nthawi imene anthu amasamba, kuchapa ndi kutsuka mbale, ndipo midzi yambiri ili ndi doko la amayi ndi doko la abambo. Kuloza kamera kumene anthu akusamba ndi chipongwe chachikulu. Wofika pa mudzi ayambe wapereka moni. Anthu a dera lino amalankhula Chitumbuka, ndipo mawu akuti "Monire adada" kapena "Mwawuka uli amama" amatsegula mitima msanga. Kenaka afotokoze chimene wabwerera ndi kupempha chilolezo. Munthu akakana, nkhani yathera pomwepo. Ana asajambulidwe popanda makolo awo kudziwa. Manda ndi malo a miyambo amafuna mawu a mfumu, ndipo malo a chitetezo cha boma amafuna chilolezo cha oyang'anira. Safunsa anadya phula. Ndi ulemunso kuonetsa munthu chithunzi chake, ndipo ngati walonjezedwa kuti adzatumiziridwa, lonjezolo lisungidwe.

Chithunzi ndi mboni

Luso lojambula ndi kamera linalengezedwa ku Paris mu 1839, ndipo patangopita zaka pafupifupi 20 linafika m'dera lino la Africa. John Kirk, dokotala ndi katswiri wa zomera amene anatsagana ndi Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi kuyambira 1858, ananyamula kamera, ndipo zithunzi zake zili m'gulu la zakale koposa za chigawo chino. Pambuyo pake amishoni, amalonda ndi akuluakulu a boma la atsamunda anajambula zambiri. Zina mwa zithunzi zakalezi zikusungidwa ku Stone House, nyumba ya Dr Laws ku Livingstonia imene inasanduka yosungiramo zinthu zakale, zina ku National Archives ku Zomba, ndi zina ku Society of Malawi mu Mandala House ku Blantyre. N'zamtengo wapatali, koma pafupifupi zonse zinajambulidwa ndi alendo, amene anasankha zimene iwo anaziona kuti n'zofunika. Mwini munda, mwini bwato ndi mwini mudzi analibe kamera.

Lero zinthu zasintha. Foni imene ili m'thumba la mphunzitsi wa pa Phwezi kapena la msodzi wa pa Chitimba imajambula mosavuta zimene Kirk ankavutika nazo tsiku lonse ndi mankhwala ake. Ndipo pali zambiri zofunika kuzisunga, chifukwa dziko limasintha mwakachetechete. Nyanja yeniyeniyo siikhala pamodzi. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 madzi ake anatsika kwambiri moti analeka kutuluka bwino kudzera mu mtsinje wa Shire. Cha m'ma 1980 anakwera koposa, ndipo mu 2024 anakweranso mpaka kulowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo m'maboma angapo a m'mbali mwa nyanja. Nayo mitengo ya m'mapiri ikuchepa chifukwa cha makala, nkhuni ndi minda yatsopano. Agogo akamanena kuti phiri lakuti linali nkhalango yowirira, kapena kuti madzi ankafika pa mtengo wakuti, adzukulu amamva ngati nthano. Chithunzi chokhala ndi tsiku lake chimathetsa mkangano.

Njira yake ndi yapafupi. Munthu asankhe malo amodzi osasuntha, monga mwala waukulu kapena ngodya ya mlatho, ndipo chaka chilichonse, m'mwezi womwewo ndi pa ola lomwelo la m'mawa, aime pomwepo nayang'ane mbali yomweyo. M'mawa ndi wofunika pa ntchitoyi chifukwa mithunzi yaitali imaonetsa ngalande zokokoloka, zitsa ndi malire a minda, zimene masana zimabisika. Alembe tsiku, dzina la malo ndi mbali imene anayang'ana. Zithunzi zingapo zabwino azitsukitse pa pepala, kapena azisunge m'malo awiri, pakuti foni imatayika, imabedwa, imagwera m'madzi. Ophunzira a sukulu za sekondale za pa Phwezi, ndi a sukulu zina za m'mbali mwa msewuwu, angathe kuyamba ntchito yotere pansi pa aphunzitsi awo, gulu lina nkusiyira linzake. Patatha zaka 20 sukuluyo idzakhala ndi mbiri ya dera lake imene palibe mlendo angaibweretse.

Zonsezi zimayamba ndi kudzuka. Pa Phwezi mu Julayi chisanu chimaluma, ndipo bulangeti limakoma kwambiri pa nthawi yeniyeni imene munthu ayenera kulisiya. Koma mphindi za kuwala kofiira n'zowerengeka, ndipo sizidikira wochedwa. Amene akonzeratu batire madzulo, nafunsiratu chilolezo kwa eni malo, nafika pa mwala wake nthanda isanazime, adzabwerera kunyumba dzuwa lisanatenthe ali ndi chithunzi chimene adzukulu ake adzachiyang'ana kuti adziwe mmene dziko la makolo awo linalili.